Ming ndi Qing: Kodi Ufumu Wina Unatsegula Khomo, Winawo N'kulitseka?

Kalata yomwe ndalandira ikuti: "Ndine mphunzitsi wa mbiri pasukulu ina ya sekondale m'boma la Dedza, ndipo ndikuchita maphunziro a digiri ndili pantchito. Atipatsa ntchito yoti tiyerekeze momwe maufumu a Ming ndi Qing a ku China ankakhalira ndi mayiko ena. Mnzanga wandiuza kuti yankho lake n'losavuta, akuti a Ming anali omasuka chifukwa anatumiza zombo mpaka ku Africa, pamene a Qing anadzitsekera m'nyumba ndipo n'chifukwa chake Angerezi anawagonjetsa. Koma ndikamawerenga ndikupeza zosemphana ndi zimenezi, moti mutu waima. Kodi kusiyana kwenikweni kuli pati, nanga ndiyambire pati kulemba?"

Aphunzitsi, mtima ukhale m'malo, chifukwa kusokonezeka kwanuko kukusonyeza kuti mukuwerenga mosamala kuposa mnzanuyo. Yankho lomwe wakupatsanilo inenso ndinaliphunzitsa ndili wachinyamata pantchitoyi, kufikira tsiku lina pamene wophunzira wina wa kumbuyo kwa kalasi anakweza dzanja n'kufunsa kuti, ngati a Ming anali omasuka chotero, n'chifukwa chiyani ndi iwowo amene anamanga Khoma Lalikulu lomwe timaliona pazithunzi. Ndinasowa choyankha, ndipo madzulo ake ndinayambanso kuwerenga ngati mwana wa Fomu 1. Zimene ndikuuzeni pano ndi zomwe ndakhala ndikuphunzitsa kuyambira nthawi imeneyo.

Poyamba tidziwe kuti eni maufumu awiriwa anali ndani, pakuti zambiri zagona pamenepo. Ufumu wa Ming unayamba mu 1368 n'kutha mu 1644. Anauyambitsa ndi Zhu Yuanzhang, mwana wamasiye wa m'banja la alimi osauka, yemwe anakhalapo m'nyumba ya amonke a Chibuda n'kumayenda akupemphapempha, asanakhale mtsogoleri wa asilikali oukira boma. Iyeyu anathamangitsa a Mongol omwe ankalamulira China pansi pa ufumu wa Yuan, ndipo atalowa ufumu anadziwika ndi dzina loti Hongwu. Iye ndi zidzukulu zake anali a mtundu wa Han, womwe ndi mtundu waukulu wa anthu a ku China, ndipo mantha awo aakulu kwa zaka zonse 276 anali akuti okwera akavalo a kumpoto aja adzabweranso. Ufumu wa Qing, womwe unalamulira kuchokera ku Beijing kuyambira 1644 mpaka 1912, unali wa a Manchu, anthu ochokera kunja kwa khoma lomwelo, kumpoto chakum'mawa. Anali ndi chilankhulo chawo, zilembo zawo, ndi asilikali awo omwe anagawidwa m'magulu asanu ndi atatu, gulu lililonse ndi mbendera yake. Choncho kwa a Ming, zigwa zaudzu za kumpoto zinali kwa adani, pamene kwa a Qing kunali kwa achibale, azilamu ndi apongozi. Mukagwira mfundo imeneyi, zina zonse zimayamba kulongosoka zokha.

Maufumu onse awiri ankagwiritsa ntchito dongosolo limene tingalitche la mtulo. Mfumu yaikulu ya China inkatchedwa Mwana wa Kumwamba, ndipo pamwambo panalibe mfumu ina padziko yofanana nayo. Mfumu ya dziko lina yofuna ubale inkatumiza nthumwi ndi mphatso, nthumwizo zinkagwada n'kugunditsa mphumi pansi, ndipo pobwerera zinkatenga chidindo, kalata yovomereza ufumu wa mbuye wawo, kalendala ya ku China, ndi mphatso za nsalu za silika zomwe kawirikawiri zinkaposa mtengo wa zimene anabweretsa. Chofunika kwambiri kwa alendowo chinali chilolezo chogulitsa katundu yemwe anabwera naye paulendowo. Ndiye musanyengedwe ndi liwu loti mtulo n'kuganiza kuti mayiko onsewa ankalamulidwa ndi China. Korea, Vietnam, Siam ndi zilumba za Ryukyu ankadzilamulira okha, ndipo ena ankakakamira kubwera pafupipafupi kuposa momwe bwalo la mfumu linkafunira, chifukwa phindu linali lawo. N'chifukwa chake a Ming anaika malire akuti nthumwi za ku Japan zizibwera kamodzi pa zaka khumi.

Tsopano tione "kumasuka" kwa a Ming kuja. Mu 1371, zaka zitatu zokha chiyambire ufumu, Hongwu analetsa anthu wamba kuchita malonda a panyanja ndi mayiko akunja. Anasiyiranso ana ake malangizo otchula mayiko 15, kuphatikizapo Korea, Japan ndi Vietnam, omwe sankayenera kuwathira nkhondo, poti iye ankaona kuti mphamvu zonse ziyenera kusungidwira kumpoto. Maulendo asanu ndi awiri a Zheng He, a pakati pa 1405 ndi 1433, anachitika lamulo loletsa lija lili chilili. Sanali maulendo a amalonda odziimira paokha ayi, anali a boma, ndipo asanu ndi limodzi oyambawo anatumidwa ndi mfumu Yongle yemwe analanda ufumu kwa mwana wa mkulu wake mu 1402 ndipo ankafunitsitsa kuti dziko lonse limuvomereze. Zheng He mwiniwakeyo anali Msilamu wa ku Yunnan, yemwe anagwidwa pankhondo ali mnyamata n'kufulidwa kuti azitumikira kunyumba yachifumu. Ulendo woyamba unali ndi anthu oposa 27,000, ambiri mwa iwo asilikali. Zombozi zinafika ku Malacca, Calicut, Hormuz, Aden, Mogadishu ndi Malindi, ndipo sizinali zaulemu zokhazokha, chifukwa ku Palembang anagwira mtsogoleri wina wotchedwa Chen Zuyi yemwe anakaphedwa ku Nanjing, ndipo ku Sri Lanka anagwira wolamulira wa kumeneko n'kupita naye ku China ngati mkaidi.

Nkhani yomwe ophunzira anga saiiwala ndi ya nyamalikiti. Mu 1414 mfumu ya ku Bengal inatumiza nyama imeneyi ngati mphatso, ndipo chaka chotsatira inafikanso ina kuchokera ku Malindi. Nduna za kubwalo, zitaona khosi lalitali ndi kufatsa kwa nyamayo, zinalengeza kuti imeneyi ndi qilin, chilombo cha m'nthano chomwe amati chimaonekera pokhapokha mfumu ikakhala yolungama. Kwa munthu wolanda ufumu ngati Yongle, mphatso yotere inali yoposa golide. Poti mwatchula za Africa, ndiwonjezere kuti zidutswa za mbale za ku China zapezeka ku Kilwa ngakhalenso m'mabwinja a Great Zimbabwe, koma musalembe kuti anabweretsa ndi Zheng He. Katundu wotere ankadutsa m'manja mwa amalonda a ku India, Aluya ndi Aswahili kuyambira kale zombo zake zisanabwere, ndipo anapitiriza kubwera zitasiya.

Maulendowa anatha chifukwa ankadya chuma chambiri pa nthawi yomwe boma linali ndi mitolo ina yolemera. Yongle anasamutsa likulu kuchoka ku Nanjing kupita ku Beijing mu 1421, anatsogolera yekha nkhondo zisanu zolimbana ndi a Mongol n'kufera panjira pobwerera ku yachisanuyo mu 1424, ndiponso, mosamvera malangizo a bambo ake, analanda Vietnam mu 1407, dziko lomwe a Ming anatulukamo mwamanyazi mu 1427 atagonja kwa Lê Lợi, mtsogoleri wa anthu a ku Vietnam. Kenaka kunadza tsoka la 1449, lomwe ndimaona kuti ndilo linaumba maganizo a a Ming pa za kunja kuposa china chilichonse. Esen, mtsogoleri wa a Oirat a ku Mongolia, ankatumiza nthumwi zamtulo zochuluka dala, mpaka kupitirira anthu 2,000, kuti mphatso zobwezera zichuluke. Boma litadula mtengo wa akavalo ake, iye anabwera ndi nkhondo. Mfumu Zhengtong, mnyamata wa zaka zongopitirira 20, anamvera mdindo wake Wang Zhen n'kutsogolera yekha asilikali, ndipo pamalo otchedwa Tumu, pomwe asilikaliwo anazingidwa alibe madzi akumwa, gulu lonse linaphwasuka ndipo mfumuyo inagwidwa yamoyo. Nduna Yu Qian inateteza Beijing n'kulonga ufumu mng'ono wake wa mfumuyo, mwakuti Esen anatsala ndi mkaidi wopanda mtengo, n'kumubweza chaka chotsatira. Kuchokera apo a Ming anayamba kudalira makoma, ndipo mbali zambiri za njerwa ndi miyala zomwe alendo amakajambulitsa masiku ano zinamangidwa m'zaka za m'ma 1500. Khomalo silinathetse vuto, pakuti mu 1550 Altan Khan, mtsogoleri wina wa a Mongol, anafika mpaka pazipata za Beijing akufuna kuti amutsegulire misika. Mtendere unabwera mu 1571 pamene boma linavomera kutsegula misika ya akavalo m'malire n'kumupatsa udindo waulemu, chinthu chomwe likanachita zaka 20 m'mbuyomo n'kupulumutsa miyoyo yambiri.

Kunyanja nakonso zinayenda chimodzimodzi. Anthu a m'mphepete mwa nyanja ku Fujian ndi Zhejiang ankadalira malonda, ndipo lamulo loletsa lija linangowasandutsa ozembetsa katundu. M'zaka za m'ma 1550 achifwamba a panyanja otchedwa wokou anasautsa kwambiri chigawo chimenechi, ndipo ngakhale dzinalo limatanthauza achifwamba a ku Japan, ochuluka mwa iwo anali anthu a ku China komweko. Mu 1557 Apwitikizi analoledwa kukhala ku Macau, ndipo mu 1567 boma linafewetsa lamulo n'kulola zombo za anthu wamba kunyamuka padoko la Yuegang. A ku Spain atakhazikika ku Manila mu 1571, siliva wa ku Mexico ndi Potosí (ku Bolivia wa lero) anayamba kukhamukira ku China posinthana ndi silika ndi mbale, kuwonjezera pa siliva wa ku Japan, mpaka misonkho ya m'dzikomo inayamba kulipidwa m'siliva. Taonani apa, aphunzitsi: nthawi yomwe a Ming analumikizana kwambiri ndi chuma cha dziko lonse ndi ya kumapeto, pomwe zombo za boma zinali zitaiwalika kalekale. Ndi nthawi yomweyinso pamene wansembe Matteo Ricci wa chipani cha Jesuit analoledwa kukhala ku Beijing mu 1601, komanso pamene mfumu Wanli inatumiza asilikali kukathandiza Korea pa nkhondo ya 1592 mpaka 1598 yolimbana ndi Toyotomi Hideyoshi wa ku Japan, nkhondo yomwe inasonyeza kuti ubale wa mtulo nthawi zina unkabala chithandizo chenicheni.

A Qing analowa m'bwalo ndi nzeru zina. Asanalande n'komwe Beijing, mu 1638, anali atakhazikitsa kale ofesi yotchedwa Lifan Yuan yoona za a Mongol, yomwe pambuyo pake inkaonanso za Tibet, za madera a kumadzulo ndi za Russia. A Ming analibe ofesi yotere. Korea, Vietnam, Ryukyu ndi Siam anatsalira pansi pa Unduna wa Miyambo monga kale, kutanthauza kuti a Qing ankayendetsa njira ziwiri nthawi imodzi. Kwa anthu a mtundu wa Han, mfumu inali Mwana wa Kumwamba wotsata ziphunzitso za Confucius. Kwa a Mongol inali khan, kutanthauza mfumu yawo yaikulu, ndipo kwa a ku Tibet inali mtetezi wa chipembedzo cha Chibuda, moti Dalai Lama wachisanu analandiridwa mwaulemu waukulu ku Beijing kumayambiriro kwa 1653. Ankakwatitsa ana awo aakazi kwa mafumu a Mongol n'kumakwatiranso kumeneko, chinthu chomwe a Ming sankachita, ndipo agogo aakazi a mfumu Kangxi, omwe anamulera, anali a Mongol a fuko la Khorchin. Mu 1691 mafumu a Khalkha, a Mongol a kumpoto, anadzipereka kwa Kangxi pamsonkhano wa ku Dolon Nor, mu 1696 iye anagonjetsa Galdan wa a Dzungar, a Mongol a kumadzulo, mu 1720 asilikali a Qing analowa mu Lhasa, likulu la Tibet, ndipo pofika 1759 mfumu Qianlong inali italanda dera lomwe lero likutchedwa Xinjiang. Pa nkhondo yomalizayi mtundu wa a Dzungar unaphedwa mwankhanza, ndipo pamodzi ndi mliri wa nthomba unangotsala pang'ono kutheratu, zomwe wolemba woona mtima sayenera kuzibisa pansi pa mawu okoma onena za kukula kwa dziko. Zotsatira zake n'zakuti dziko la Qing linakula pafupifupi kuwirikiza kawiri la Ming, ndipo Khoma Lalikulu linatsala pakati pa dziko, lopanda ntchito yoteteza malire. M'kalasi ndimapachika mapu awiriwa moyandikana n'kukhala chete kwa kanthawi, ndipo nthawi zonse pamapezeka wina wonena kuti ufumu "wodzitsekera" uja ndiwo unatambasuka kwambiri.

Chitsanzo china chomwe chimagwetsa yankho la mnzanu ndi Russia. Mu 1689, atalimbana pa mtsinje wa Amur, a Qing ndi a ku Russia anasainirana pangano la Nerchinsk ngati mayiko awiri ofanana. Mawu ake ovomerezeka analembedwa m'Chilatini, ndipo otanthauzira kumbali ya Qing anali ansembe awiri a chipani cha Jesuit, Gerbillon ndi Pereira. Mu 1727 pangano la Kyakhta linaika malire a ku Mongolia, n'kutsegula msika wa tiyi ndi zikopa zaubweya, ndipo linalola a ku Russia kukhala ndi nyumba yawo ndi ansembe awo mu Beijing. Kangxi, kenaka mwana wake Yongzheng, anachita izi pofuna kuti Russia isagwirizane ndi a Dzungar. Ndiye kuti a Qing ankadziwa bwino lomwe kukambirana ndi dziko lina mofanana pamene anaona kuti pali chowapindulira.

Kunyanja a Qing anayamba ndi nkhanza zoposa za a Ming. Mu 1661 analamula anthu a m'mphepete mwa nyanja kumwera kuti asamukire kumtunda n'kusiya midzi yawo, pofuna kumana chakudya gulu la Zheng Chenggong, yemwe ankamenyerabe nkhondo a Ming ndipo analanda Taiwan kwa a ku Holland mu 1662. Koma atangogonjetsa Taiwan mu 1683, Kangxi anachotsa chiletsocho mu 1684 n'kukhazikitsa maofesi anayi a kasitomu m'zigawo za m'mphepete mwa nyanja. Lamulo lotchuka la 1757, lomwe ambiri amalitenga ngati umboni wa kudzitsekera, linkanena kuti zombo za Azungu zochokera kunyanja zizichita malonda ku Guangzhou kokha, kudzera mwa amalonda ovomerezeka ndi boma. Linali lamulo lopanikiza, Azungu sankaloledwa kulowa mumzinda kapena kubwera ndi akazi awo, koma malonda a tiyi anakula kwambiri pansi pa lamulo lomwelo, ndipo zombo za anthu a ku China zinapitiriza kupita ku Batavia (Jakarta wa lero), Manila, Siam ndi Nagasaki. Ndi Japan a Qing analibe ubale wa boma ndi boma kwa zaka zoposa 200, komabe mkuwa wa ku Japan unkabwera n'kumagwiritsidwa ntchito popanga ndalama zachitsulo za ku China.

Pa nkhani ya Macartney ndichedwepo pang'ono, chifukwa ndi pomwe ambiri amapunthwa. Mu 1793 boma la Britain linatumiza Lord Macartney kukapempha kuti atsegule madoko ena monga Ningbo ndi Tianjin, awapatse kachilumba kosungirapo katundu, ndiponso alole kazembe wokhazikika mu Beijing. Mabwato omwe anamunyamula pamtsinje anali ndi mbendera zolembedwa kuti ndi nthumwi yodzapereka mtulo. Anakumana ndi Qianlong, nkhalamba yopitirira zaka 80, m'chihema chachikulu ku Chengde, kunja kwa Khoma, malo omwe mfumu inkalandirirako mafumu a Mongol. Macartney anakana kugwada katatu n'kugunditsa mphumi kasanu n'kanayi monga mwa mwambo, ndipo malinga ndi zolemba za Angerezi anagwada ndi bondo limodzi popereka kalata ya mfumu George III m'kabokosi kagolide. Panali kamnyamata ka zaka 12, George Thomas Staunton, komwe kanaphunzira Chitchaina m'chombo, ndipo katalankhula mawu ochepa, mfumuyo inamasula kachikwama ka m'chiuno mwake n'kukapatsa. Zopempha zonse zinakanidwa, ndipo kalata yoyankha inanena kuti China sisowa katundu wa dziko lawo. Mawu amenewa akhala akugwiritsidwa ntchito ngati umboni wa umbuli ndi kudzikuza, koma zolemba za m'nyumba yachifumu zikusonyeza kuti Qianlong analamula akuluakulu a m'mphepete mwa nyanja kuti akhwimitse chitetezo, poona kuti Angerezi ndi amphamvu panyanja ndipo angabwere ndi chiwembu. Maganizo anga ndi akuti mfumuyo inaona ngoziyo ndithu, koma inaiyesa yaing'ono poyerekeza ndi zomwe inazolowera kuopa kumtunda. Ndipo kugwada sikunali gwero la kukanako, pakuti nthumwi za ku Holland zinagwada bwino lomwe mu 1795 koma sizinabwerere ndi mwayi uliwonse wa malonda.

Kuti muone kuti mwambo umodzi ungakhale ndi mitima iwiri, yang'anani Korea. Kwa a Ming, Korea inkapereka mtulo ndi ulemu wochokera pansi pa mtima, makamaka itathandizidwa pa nkhondo ya Hideyoshi. Kwa a Qing inagonja mokakamizidwa itathiridwa nkhondo mu 1627 ndi mu 1636, ndipo mfumu Injo ya Korea inagwadira Hong Taiji, mfumu ya Qing, kumayambiriro kwa 1637. Nthumwi zinapitiriza kupita chaka ndi chaka, koma maulendo omwe kale ankawatcha opita kubwalo la Kumwamba anayamba kungowatcha maulendo a ku Beijing, ndipo mu 1704 anamanga guwa mu Seoul lokumbukira mfumu Wanli ya Ming.

Nanga n'chifukwa chiyani a Qing anagonja? Apa chenjerani ndi kuyerekeza kopanda chilungamo. Azungu omwe a Ming anakumana nawo anali ochepa, a zombo zamatanga, ndipo a Ming anawagonjetsa kangapo: Apwitikizi mu 1521 ndi 1522, a ku Holland mu 1633. A Qing a m'zaka za m'ma 1800 anakumana ndi Britain yomwe inali ndi India m'manja, mafakitale, ndi zombo zachitsulo zoyendera nthunzi. Angerezi ankalipira tiyi ndi opiyamu wa ku India (mankhwala ozunguza bongo), siliva anayamba kutuluka m'dziko, ndipo Lin Zexu, nduna yotumidwa ndi mfumu, atawononga mabokosi oposa 20,000 a mankhwalawa ku Humen mu 1839, nkhondo inabuka. Pangano la Nanjing la 1842 linapereka Hong Kong, linatsegula madoko asanu ndi kulipiritsa China madola asiliva 21 miliyoni. Mu 1860 asilikali a Britain ndi France analowa mu Beijing, nyumba zachifumu za Yuanmingyuan zinatenthedwa, ndipo Russia inatengerapo mwayi kulanda madera aakulu a ku Amur. Za mu 1860 zimenezi zinkachitika dziko lili pa nkhondo yapachiweniweni ya Taiping, yomwe inatha mu 1864 itapha anthu mamiliyoni ambiri. Ngakhale zinali choncho, a Qing anasintha: mu 1861 anakhazikitsa Zongli Yamen yoona za mayiko akunja, ndipo mu 1877 kazembe wawo woyamba, Guo Songtao, anafika ku London. Dongosolo la mtulo linafa pang'onopang'ono, pamene Japan inameza Ryukyu mu 1879, France inatenga Vietnam itatha nkhondo ya 1884 mpaka 1885, ndipo pangano la Shimonoseki la 1895 linachotsa Korea m'manja mwa China n'kupereka Taiwan kwa Japan.

Pa kalembedwe, muli ndi njira ziwiri zomwe ndaona zikuyenda. Mukhoza kulondola nthawi, Ming kenaka Qing, koma njira imeneyi imakopa munthu kungofotokoza nkhani n'kuiwala kuyerekeza, ndipo ndachongapo mapepala ambiri omwe anataya malikisi pa chifukwa chimenechi. Njira yomwe ndingakulangizeni ndi yogawa ntchito yanu potsata malire: kumpoto ndi kumadzulo, komwe kusiyana kuli kwakukulu, mayiko a mtulo monga Korea ndi Vietnam, komwe mwambo unapitirira osasintha kwenikweni, ndi kunyanja, komwe maufumu onse awiri anatseka n'kutsegula malinga ndi mantha a nthawiyo. Zaka za pambuyo pa 1839 muziike pazokha, ndipo munene poyera kuti a Ming sanayesedwe ndi mayeso amenewo.

Misampha ilipo ingapo. Mabuku akale a m'malaibulale athu amalemba Ch'ing, Cheng Ho, Peking ndi Canton, pamene atsopano amalemba Qing, Zheng He, Beijing ndi Guangzhou, ndipo ndinachongapo pepala lomwe linayerekeza Ch'ing ndi Qing ngati maufumu awiri osiyana. Sankhani kalembedwe kamodzi. Kumbukiraninso kuti alembi a kubwalo la mfumu ankalemba mlendo aliyense ngati wodzapereka mtulo, ngakhale iye ankadziona ngati wamalonda kapena kazembe, choncho mndandanda wawo si umboni wa ulamuliro. Ganizo loti ubale wonse wa China ndi mayiko ena unali "dongosolo la mtulo" linatchuka ndi katswiri wa ku America John King Fairbank, ndipo akatswiri a pambuyo pake alitsutsa kuti limakwirira nkhondo, malonda ndi mapangano ngati la Nerchinsk, choncho mulitchule ngati ganizo lokambidwa. Zonena kuti zombo za Zheng He zinafika ku America zilibe umboni womwe akatswiri a mbiri amauvomereza, ndipo ngakhale kukula kwa zombozo kuli pamtsutso. Msampha waukulu ndi ndale za lero, chifukwa zomwe a Qing anachita ku Tibet, Xinjiang ndi Taiwan zimagwiritsidwa ntchito ndi mbali zonse pa mikangano ya masiku ano, ndipo pali mtsutso woopsa pakati pa akatswiri onena kuti a Manchu anasanduka anthu a ku China kotheratu ndi ena onena kuti mphamvu yawo inagona pa kusunga Umanchu wawo. Mukawerenga nkhani pa intaneti, yambani mwafufuza kuti walemba ndani ndipo akuimira mbali iti.

Musanayambe kulemba, pitani kwa mphunzitsi wanu wa kukoleji ndi tsamba limodzi losonyeza mfundo yanu yaikulu ndi zigawo zitatu zija, mumufunse ngati funsolo likufuna kuti mufike mpaka 1912 kapena muime pa 1800, chifukwa yankho lake lisintha theka la ntchito yanu. Woyang'anira laibulale ya kukoleji angakuthandizeni kupeza magazini a akatswiri omwe sukulu yanu imalipira pa intaneti, omwe ophunzira ambiri a maphunziro apatali sadziwa kuti ali nawo ufulu. Ngati mungafune kugwira mawu enieni a kalata ya Qianlong kapena malangizo a Hongwu, tengani kumasulira kwa m'buku la akatswiri lotchula womasulira wake, ndipo mukadzafuna kupitiriza nkhaniyi pa digiri yachiwiri mudzafunika wokuyang'anirani wodziwa kuwerenga Chitchaina chakale. Mukamaliza chikonzero chanu cha tsamba limodzi chija, nditumizireni pamodzi ndi funso monga momwe analilembera, ndidzachione musanayambe ndime yoyamba.